Rauta ya a Yotamu Itakana Kudzuka

Pali anthu amene amaganiza kuti mizimu imangokhala m'nkhalango ya kumanda kudikira mdima. Amenewo sanafikepo pa Kamtedza, kuseri kwa mapiri a ku Dedza, pamene zinthu zinachitika dzuwa likuswa mtengo, anthu akugulitsana tomato pamsewu. Senderani pafupi, utsiwu usakuthamangitseni, mumve mmene zinayendera.

Kamtedza ali m'chigwa, ndipo netiweki ya foni imangodutsa pamwamba osayang'ana pansi. Wofuna kuimba foni amakwera pachulu cha kuseri kwa chigayo, n'kumakuwa dzanja lina litagwira chitsamba, msika wonse ukumva nawo za kunyumba kwake. Malo okhawo amene munthu ankatha kucheza ndi m'bale wake wakutali atakhala pampando, akumuona nkhope, munali m'kashopu ka a Yotamu Chadzunda. Iwo anazika mlongoti wa bulugama kuseri kwa nyumba, namangirira kachitsulo kogwira netiweki kunsonga kwake, natsitsa waya mpaka m'shopumo, m'kabokosi koyera ka tinyanga tiwiri kamene amati rauta. Rautayo ndi imene inkagawira intaneti kumafoni a anthu. A Yotamu ankaipukuta m'mawa uliwonse ndi kansalu kakekake, ndipo mkazi wawo, Eneless Nankhoma, ankawaseka kuti akanamamupukuta iye choncho, bwenzi akuwala mpaka ku Lilongwe.

A Yotamu anali mkamwini wochokera ku Ntchisi, amene anadzamanga kwawo kwa mkazi. Anali munthu wofatsa zedi, koma kufatsa kwawo kunali ndi kakhalidwe kena kotopetsa. Akakhumudwa sankakalipa ayi. Ankangotenga kampando kawo n'kukakhala pakhomo, kutembenukira kumbali, n'kumatsokomola pang'onopang'ono mpaka wina awafunse kuti kwagwanji. Ukawafunsa ankati palibe kanthu, ndipo unkayenera kufunsanso. Eneless anakhala nawo zaka zambiri akufunsanso, ndipo a Yotamu atamwalira m'dzinja lina, atangodwala pang'ono, chimene anachisowa kwambiri chinali chomwecho chimene ankadandaula nacho.

Shopu sinatsekedwe. Za m'kati mwa rauta Eneless sankazidziwa, ndipo sankafuna n'kuzidziwa komwe. Iye ankangodziwa kuti tinyali tobiriwira tikayaka tonse ndiye kuti zinthu zili bwino.

Kenako kunabwera nkhani yabwino. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Mwandida, anapeza mwamuna, kalipentala wa ku Lobi dzina lake Filimoni, munthu waulemu wake amene ankayamba kuvula chipewa akadali patali. Koma kwathu kuno mwana wamkazi sakwatiwa mwini mbumba asanatsegule pakamwa, ndipo mwini mbumba anali a Gelesomu, mlongo wake wa Eneless, amene anali ku Joni. Kubwera sakanatha, chifukwa mapepala awo anali atatha ntchito kalekale, ndipo akanangotuluka m'dzikomo sakanalowanso.

Akuchimuna anali atabwerapo kale ulendo wina, tambala ali m'manja, koma tsiku limenelo a Gelesomu anatsekerezedwa kuntchito ndipo foni yawo inangolira yokha. Alendo anadikira mpaka mthunzi unatembenuka, nabwerera ndi tambala wawo. Amalume ake a Filimoni, a Mkwezalamba, anatsanzika ndi ulemu uja umene umapweteka kuposa kutukwana. Anati adzabweranso, koma akadzapezanso kuti mwini mbumba sakuoneka, adzadziwa kuti akukanidwa mochenjera ndipo sadzavutitsanso anthu. Anawonjezera kuti mawu a pachulu sakuwafuna. Ankafuna kuona nkhope ya munthu amene akupereka mwana.

Anagwirizana za Loweruka. Lolemba lake Eneless ndi Mwandida anakhala m'shopu n'kuimbira a Gelesomu kuti amalize zonse. A Gelesomu anali munthu wa mawu aakulu, amene ngakhale pafoni ankadzaza chipinda, ndipo mlamu wawo ali moyo sindikhulupirira kuti anamupatsapo mpata womaliza chiganizo. Analumbira kuti apempha kale tchuthi, agula kale malaya atsopano, ndipo Loweruka adzakhala pampando kuyambira m'mawa. Anakambirana amene adzakhale nkhoswe, amene adzagwire nkhuku, ndi mbuzi ya ndani imene idzafe. Anaseka mpaka misozi. Atangotsanzikana, Mwandida asanaike n'komwe foni m'thumba, tinyali ta rauta tinazima tonse.

Magetsi analipo, chifukwa shopuyo inali ya sola ndipo wailesi inkaimbabe. Eneless anazula pulagi n'kubwezeretsa monga ankachitira amuna ake. Tinyali tinayaka tonse pamodzi, tinaphethira, n'kuzimanso, kutsala kamodzi kofiirira. Patapita kanthawi tinayakanso, n'kuzimanso. Chinthucho chinkachita ngati munthu amene akuti adzuke, wafika pogwada, kenako waganiza zina n'kugonanso. Chinachita zimenezi mpaka madzulo, ndipo amene anabwera kudzamva zotsatira za mpira anabwerera akung'ung'udza.

Pamsika madokotala sasowa. Wogulitsa nyama anati aiike padzuwa, mwina yalowa chinyezi. Telala anati aipemerere kumbuyo, ndi fumbi limenelo. Wina anati wailesi yake ikatero amaiwomba khofi ndipo imamva. Eneless anaiika padzuwa, anaipemerera, koma kuiwomba khofi dzanja linakana.

M'mawa mwake atatsegula shopu anapeza rauta itatembenukira kukhoma. Inali pamalo pake pomwepo, pashelefu, mawaya ake osazuka, koma tinyali tikuyang'ana njerwa. Anati ndi mphaka, naitembenuza. Kutacha tsiku linalo anaipeza yafulatiranso. Apa za mphaka anazisiya, chifukwa mphaka wa pamsikapo, angakhale wamwano chotani, satsegula loko, ndipo kiyi ankagona pamfundo ya chitenje cha Eneless.

Kansalu kopukutira kaja nakonso kanasowa pamsomali. Kampando ka a Yotamu, kamene Eneless anakakankhira kunsi kwa tebulo maliro atatha, kanapezeka pafupi ndi chitseko, katayang'ana kumbali. Ndiyeno panali galu wa pachigayo. Galu ameneyu ankakonda kugona kumapazi kwa a Yotamu, ndipo chimwalirire iwo anali asanapondenso pakhondepo. Lachitatu anafika ali wefuwefu, nagona pafupi ndi kampandoko, n'kumagwedeza mchira akuyang'ana m'mwamba pang'ono, pamene panalibe munthu. Amayi ogulitsa tomato anaona, nayang'anana, ndipo mmodzi ananyamula dengu lake n'kukakhala tsidya lina la msewu. Ati dzuwa linkamuwotcha, chikhalirecho kutsidyako ndi kumene kunalibe mthunzi.

Eneless ndi mayi wa Mvano, ndipo zoterezi ankati n'zoganiza anthu osowa chochita. Komabe anayamba kusesa m'shopu chitseko chili pululu, akuimba nyimbo ya kutchalitchi mokweza kuposa mmene imafunikira. Tsiku lomwelo, dzuwa lili paliwombo, atawerama kuti awole zinyalala, anamva kakutsokomola kumbuyo kwake, kouma, kaulemu, kosafuna kusokoneza munthu. Anakhala chiweramire, thupi lonse litachita tsembwe. Atalimba mtima n'kucheuka anangoona kampando ndi galu. Sanauze munthu, koma anavala nsapato n'kulunjika kuchulu.

Ali pachulupo anayesa kaye kuimbira a Gelesomu kuti aone ngati nkhope ingatuluke. Inatuluka mphuno yokha, inauma pagalasi, kenako foni inaduka. Ndiye anaimbira Lakisoni Mbendera, wokonza makompyuta wa kuboma, amene nambala yake anapatsidwa ndi aphunzitsi ena. Anakuwa mpaka mawu kusasa, ndipo chimene anamvapo n'chakuti munthuyo ali ndi ntchito ina, adzafika Lachisanu.

Lachinayi Eneless anazula pulagi kuti chinthucho chipumeko. Kanyali kofiirira kaja kanapitiriza kuphethira, pulagi ili m'manja mwake, nthawi yokwanira kuti munthu ayambe kupemphera. Atatuluka panja kuti apume mphepo anakumana ndi mwini chigayo, amene anabwera kudzaitana galu wake. Bamboyo anazungulirazungulira ndi nkhani ya mitengo ya chimanga, kenako anafunsa ngati kunyumbako kwafika alendo aamuna. Anati podutsa m'bandakucha anapereka moni pakhonde la shopu monga anazolowera kale, ndipo anayankhidwa bwinobwino. Anakumbukira atafika kale kuchigayo kuti amene ankamuyankha pakhondepo anamunyamula yekha pamapewa popita kumanda. Galu anakana kuchoka, ndipo mwini wake sanalimbane naye.

Lakisoni anafika Lachisanu chakum'mawa panjinga yamoto, bambo wonenepa, woseka ndi thupi lonse, chikwama chili kumsana. Asanatsike n'komwe anayamba kuthokoza chifukwa chomutumizira munthu kumphambano ya kumlatho. Anati anali atalowera kale njira ya kudambo, ndipo akanakatulukira kosadziwika pakanapanda bambo wina amene anaima pansi pa mkuyu n'kumukodola.

"Munthu wodziwa zinthu ameneyo," anatero Lakisoni akuvula chipewa cha njinga. "Wandilozera njira, kenako akuti, 'Waya wolumikizira wa m'shopumo anadya makoswe, mwatenga wanu?' Ndati bambo, ine sindiyenda wopanda waya."

Eneless anati iye sanatume munthu. Anafunsa kuti bamboyo anali wooneka bwanji, ndipo Lakisoni anakanda m'mutu. Anati dzuwa linali kumbuyo kwa munthuyo ndiye nkhope sanaione bwino, koma anali wolankhula motsitsa, ngati akupepesa kuti wakuimitsa. Eneless analowa m'shopu, natsegula kabati ya pansi imene anali asanaikhudzepo chichokere amuna ake. Waya wabuluu unali momwemo, wokulungidwa bwinobwino, pakati pake patadyedwa mpaka timawaya ta m'kati kuonekera. Anatseka kabatiyo pang'onopang'ono, nakafunsa mlendo ngati angamwe tiyi.

Lakisoni anayang'ana tinyali tikuyaka ndi kuzima, nati matenda amenewa amawadziwa. Anafotokoza kuti m'kati mwa rauta muli pulogalamu imene imaidzutsa, ndipo ikawonongeka chinthucho chimangoyamba kudzuka n'kugwanso. Mankhwala ake n'kuithira pulogalamu yatsopano kuchokera mu laputopu kudzera pawaya. Koma rauta silandira chisawawa. Kumbuyo kwake kuli kabowo kobisa kabatani, ndipo munthu amayenera kukadinikiza ndi kachitsulo osasiya, wina n'kulowetsa pulagi, n'kutumiza pulogalamuyo nthawi yomweyo mpata usanatsekeke. Anati ntchito yake ndi ya manja atatu, ndiye anadula kasipoko ka njinga n'kumupatsa Eneless.

Anayamba. Eneless anadinikiza mpaka kabatani kanati tha, Lakisoni analowetsa pulagi, nadina pa laputopu. Kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda pagalasi, kanadutsa pakati, kanayandikira kumapeto, kenako kanaima. Tinyali tinazima. Lakisoni anaseka, nati zimachitika, ayambirenso. Ulendo wotsatira kanaima pamalo pomwepo. Anasintha waya, anasintha pulagi, anayesa pulogalamu ina imene anali nayo, anachotsa wailesi pabatire kuti magetsi asagawanike. Kamzere kankafika pomwe paja n'kuima ngati ng'ombe imene yafika pamlatho n'kukana kuwoloka. Pofika masana kuseka kunali kutamuthera, malaya atanyowa kumsana, ndipo chala cha Eneless chinali chitachita dzanzi.

Kuseri kwa nyumba ntchito inali m'kati. Amayi ankatakasa thobwa m'migolo, amuna ankafolera chisakasa, mbuzi inkalira pachingwe. Mwandida ankangobwera pakhomo la shopu, manja ali mbuu ndi ufa, kuyang'ana mayi ake osafunsa kanthu, n'kubwerera. Kuyang'ana kumeneko ndi kumene kunkamupweteka Eneless. Anachita mantha enieni, osati a kampando kapena a galu, koma oti mawa a Mkwezalamba adzanyamulanso tambala wawo, ndipo mwana wake adzasanduka nkhani ya pamjigo.

Dzuwa litapendeka Lakisoni anatseka laputopu. Anati iye wakonza marauta ambiri, ena ogwera m'madzi, ena oombedwa ndi mphenzi, koma yokana dala chonchi anali asanaionepo. Yatsopano yogwirizana ndi kachitsulo ka pamlongoti ikanachokera ku Lilongwe, ndipo mawa sikanafika. Eneless anapita kuseri nabwera ndi thobwa m'chikho, chifukwa ngakhale ntchito inakanika sakanalola mlendo abwerere kukhosi kouma.

Lakisoni anamwa, napumira m'mwamba, nafunsa kuti thobwa lokoma chonchi n'la chiyani. Atamva kuti mawa kuli chinkhoswe cha mwana wa nyumbayo, anadziomba pantchafu.

"Ndiye ndikanawayankha bambo a pamkuyu aja," anatero. "Ndikuti ndinyamuke, andifunsa kuti, 'Kodi kunyumba kumeneko kukuchitika chiyani? Ndikuona akufulula, akumanga chisakasa, mbuzi yamangidwa. Ine sanandiuze.' Ndati pepani bambo, inenso ndine mlendo."

Eneless anakhala pansi pomwepo, pasimenti. Anayamba kukumbukira anthu amene anawauza. Anauza a Gelesomu ku Joni, anauza abusa, anauza amayi a Mvano, anauza achibale a kumapiri, ngakhale mwini chigayo anamuuza pokagayitsa chimera. Nkhani yonse anaikambira m'chipinda chomwechi, pamakina a munthu, pafupi ndi kampando ka munthu, mwiniwakeyo osamutchula ngakhale dzina. Kwathu kuno bambo wa mwana amauzidwa pomalizira, amalume atatha kale kukambirana, ndipo a Yotamu zimenezo anazizolowera ali moyo. Koma pomalizira pakepo amauzidwa ndithu. Manyazi anamugwira Eneless, chisoni chinabwera pambuyo, ndipo pansi pa zonsezo panali kakuseka kamene kankafuna kutuluka, chifukwa khalidwe limeneli anakalamba nalo.

Kumanda munthu sangangolowa ngati kumunda, ndipo nthawi yoyenda kupempha chilolezo panalibe. Anaganizanso kuti munthu amene akutembenuza rauta, kukoka mipando ndi kulozera alendo njira, kumandako sakukhalako kwenikweni. Anaitana Mwandida, namuuza asambe m'manja abwere ndi chikho china cha thobwa. Kenako anapempha Lakisoni kuti atsegulenso laputopu akonzekere komaliza.

Lakisoni anaona chikho, anaona kampando kakuikidwa pakati pa chipinda, ndipo anamvetsa zimene sankafuna kumvetsa. Anati iye ndi mkulu wa mpingo, zinazi salowa nawo, koma kudina mabatani ndi ntchito yake ndiye adina. Anakoka tebulo n'kukhala chofulatira, maso pagalasi, pulagi ili m'manja. Anati akangomva kabatani kalira alowetsa magetsi.

Eneless anatembenuza rauta kuti iyang'ane m'chipinda, nalowetsa kasipoko m'kabowo kuti kakhale chire. Kenako anabwerera pakati, nagwada patsogolo pa kampando, chikho atachigwira ndi manja awiri monga ankachitira kale.

"Abambo a Mwandida," anayamba motero. "Ndabwera ndi nkhani imene ndinayenera kukuuzani kale. Mwana wanu wapeza banja. Mwamunayo ndi Filimoni, wa ku Lobi, kalipentala. Samwa, ndipo ndi amene anakonza chitseko chija munkangoti mukonza mawa. Akwawo akubwera mawa lomweli. Ndinalakwa kuuza dziko lonse inu osakuuzani. Pepani."

Galu anadzutsa makutu. Eneless anadikira, ndipo podikirapo mtima wake wakale unabwerera.

"Koma nanunso, abambo, mpaka kukaimitsa mlendo pamsewu? Mwanayu sabata yonse sakudya. Kungonena sikukanatheka?"

Mwandida anagwada pambali pa mayi ake, misozi ili chuchuchu.

"Ababa, ndi munthu wabwino, mukanamukonda," anatero. "Ndi wofatsa ngati inu nomwe. Kungoti iyeyo akakhumudwa amanena."

Eneless anaseka misozi ili m'maso, ndipo m'kati mwa kusekako kabatani kanati tha. Lakisoni analowetsa pulagi, nadina. Kamzere kanayenda, kanadutsa pakati, kanafika pamalo paja pokanira. Kanaima pang'ono, Lakisoni nayenso analeka kupuma. Kenako kanasendera, kanasendera, mpaka kumapeto.

"Yalowa," anatero Lakisoni. "Siyani batani tsopano, mayi."

Atacheuka anaona Eneless ali chigwadire pakati pa chipinda, manja onse awiri ali pachikho. Mwandida anali pambali pake, nkhope ili m'chitenje. Rauta inali pashelefu payokha, patali ndi onse, kasipoko kali chilili m'kabowo, katapindika pang'ono monga kamachitira wina akamakakankha. Onse atatu anakayang'ana. Kenako kanamasuka, n'kugwera pasimenti kuti ngwee.

Tinyali tobiriwira tinayamba kuyaka, kamodzikamodzi, mpaka tonse. Panja mafoni a anthu anayamba kulira ndi mauthenga a sabata yonse, ndipo wogulitsa nyama anamveka akuuza anzake kuti iye ananena kale kuti ndi chinyezi. Thobwa lija Eneless anakalithira pansi pafupi ndi khomo, ati linagwera ntchentche. Lakisoni analongedza zida zake mwaphuma, mpaka anaika chikho cha eni ake m'chikwama. Anati iye sanaone kalikonse, koma njira ya pamkuyu ija sadutsamo dzuwa litapendeka chonchi, ndiye ngati pali pogona mlendo angathokoze. Umu ndi mmene anadyera nawo mbuzi.

Loweruka kunacha bwino. A Mkwezalamba anafika ndi anthu awo, tambala yemwe uja atanenepa ndi kudikira. Laputopu ya Lakisoni inaikidwa pampando pakati pa chisakasa, ndipo a Gelesomu anatulukira atavala malaya atsopano ndi chipewa, nkhope itadzaza galasi lonse. Anthu anaomba m'manja. Iwo anapereka moni kwa alendo mmodzimmodzi, napepesa za ulendo uja, naseketsa anthu, kenako anayamba kulankhula monga mwini mbumba, mawu akumveka mpaka kumsewu.

Ali m'kati molankhula anaima. Anthu anayesa netiweki yathawa, ndipo mtima wa Eneless unadumpha. Koma chithunzi chinali chamoyo. Maso awo ankaphethira, akuyang'ana kupyola alendo, kupyola Eneless amene anakhala pamkeka ndi amayi anzake, cha kumzati wa kumbuyo kwa chisakasa. Munthu amene chibadwire sanasowepo chonena anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Kenako anavula chipewa.

"Pepani alamu," anatero a Gelesomu motsitsa. "Ndayamba kulankhula osakuonani. Ife timangoti mbumba ndi yathu, koma mwanayu munalera ndinu. Mukuti bwanji?"

Palibe anacheuka. A Mkwezalamba, amene sankadziwa kalikonse, anayamba kutembenuza khosi, koma ataona nkhope za eni khomo anabweza maso pansi. Ngakhale makanda anasiya kulira. Kunangomveka udzu wa padenga ukugwedera pang'ono, chikhalirecho kunalibe mphepo. A Gelesomu anamvetsera, khutu litapendekera kugalasi, ndipo kwa nthawi yoyamba anamudikira mlamu wawo mpaka amalize.

"Zikomo alamu," anatero. Anapukuta m'maso ndi chipewa, nayang'ana alendo. "A Mkwezalamba, bambo ake avomera. Inenso ndavomera. Tulani tambalayo."

Nthungululu zinasweka chisakasa chonse. Amayi anaimirira, zitenje m'chiuno, namuzungulira Mwandida amene ankaseka ndi kulira nthawi imodzi, ndipo Filimoni ankangopinda chipewa chake osadziwa poyang'ana. Eneless sanaimirire nawo. Amuna sakhala pamkeka wa amayi, zimenezo ankazidziwa, koma tsiku limenelo analibe nazo ntchito. Anasendera pang'ono, nasiya malo kudzanja lake lamanja, nalankhula chapansipansi osacheuka.

"Khalani pansi, abambo. Mwaima nthawi yaitali."